Mankhwala a m'chimbudzi cha motorhome: abuluu, obiriwira kapena jiki?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Moatize. Akuti anagula motorhome yogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Joni, galimoto zija zokhala ndi bedi, khichini ndi chimbudzi mkati momwemo, ndipo amayenda nayo ndi banja popita kumudzi ku Ulongué, nthawi zina kokawedza ku Cahora Bassa. Chimbudzi chake ndi cha kaseti, kathanki kamene umasolola panja pa galimoto n'kukakhuthula. Chawavuta ndi fungo, moti mayi akunyumba ayamba kukana kukwera. Mnzawo wina akuti azingothiramo jiki, wina akuti agule mankhwala abuluu, pomwe mwana wawo waona pa intaneti kuti kulinso obiriwira ndi apinki. Akufunsa kuti asankhe ati.

Achimwene, zikomo polemba. Tisanatchule botolo lililonse, nanenso ndikufunseni: kaseti ikadzaza mumakakhuthula kuti? Malo amenewo ndi amene akusankhireni mankhwala, osati mtundu wa madzi a m'botolo.

Za jiki tithane nazo msanga. Musathiremo. Pansi pa mbale ya chimbudzi pali chotsekera chimene chimatsetsereka mukakoka chogwirira, ndipo mozungulira pake pali labala amene amatchinga fungo ndi madzi. Jiki amaumitsa labala ameneyu mpaka kung'aluka, ndiye fungo limene mumathawa lija limabwera kudzakhala m'galimoto usana ndi usiku. Kampani ya Thetford, imene inapanga zimbudzi zambiri zamtunduwu, imaletsa jiki m'mabuku ake a malangizo. Choopsa china n'chakuti jiki akakumana ndi mkodzo wokhalitsa amatulutsa mpweya wowawa m'maso ndi pachifuwa, ndipo kachipinda kameneko n'kakang'ono, ana amalowamo n'kudzitsekera.

Abuluu ndiwo odziwika kwambiri, monga Aqua Kem Blue wa Thetford kapena Elsan Blue. Ntchito yake ndi kufoola tizilombo timene timaoletsa zonyansa n'kutulutsa mpweya wonunkha, kusungunula zolimba kuti zikhuthuke bwino, ndi kuikapo kafungo kabwino pamwamba. Amagwira ntchito, sindingakunamizeni, ndipo kotentha amapirira kuposa ena. Akale ankakhala ndi formaldehyde, mankhwala omwe aja osungira mitembo, amene bungwe lofufuza za khansa la IARC linawaika m'gulu la zoyambitsa khansa mu 2004. Makampani ambiri anawachotsa, koma mukapeza botolo lotsika mtengo losadziwika kumene lachokera, werengani kumbuyo kwake. Likatchula formaldehyde, lisiyeni pashelefu pomwepo.

Komatu ngakhale abuluu amakono anapangidwira maiko amene makampu ake ali ndi malo apadera okhuthulirapo kaseti. Ife kuno, mukaima pamalo ogona alendo mumsewu wa ku Zóbuè kapena ku Songo, chimbudzi chawo kawirikawiri chimathira mu fosa, thanki ya septiki ija yokwiriridwa kuseri. Kumudzi ku Angónia n'chimbudzi chokumba. Fosa ili ngati mimba ya munthu: imagaya chifukwa cha tizilombo tamoyo tili mkatimo. Mukamathiramo mankhwala opha tizilombo ulendo ndi ulendo, makamaka ikakhala yaing'ono, imasiya kugaya, imadzaza msanga, imayamba kununkha, ndipo mwini wake ndi amene amalipira galimoto yodzapopa. Munthu wakulandirani bwino, wakulolani kukhuthula, simungamusiyire zimenezo.

N'chifukwa chake ine ndikuti gulani obiriwira. Aqua Kem Green amalembedwa kuti ngololedwa mu septiki, ndipo palinso ena ogwiritsa ntchito ma enzyme kapena tizilombo tamoyo togaya zonyansa m'malo mozipha. Apanso musakhulupirire mtundu wokha, onani ngati botolo lanena za septiki.

Mudzamva ena akudandaula kuti obiriwira satenga masiku ambiri, ndipo n'zoona. Ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo kaseti imakhala kuseri kwa kachitseko ka m'mbali mwa galimoto kumene dzuwa limaomba tsiku lonse. Zonyansa zimawira, mphamvu ya mankhwala imatha mofulumira. Koma taganizani bwino. Kaseti zambiri zimalowa malita pafupifupi 17 mpaka 20 basi. Bambo, mayi ndi ana, kuphatikizapo madzi ogujumulira, imeneyo yadzaza m'masiku awiri. Ndiye mphamvu ya abuluu yosunga zonyansa masiku anayi kapena asanu mukuigulira chiyani? Inuyo mukufunika mankhwala oti agwire masiku awiri, kenako mukhuthule popanda kuwonongera munthu fosa. M'nyengo yotentha khuthulani tsiku lililonse ngati malo alipo, musadikire kuti kanyali kofiira kosonyeza kuti kaseti yadzaza kayake. Ku Ulongué kumazizira, kumeneko mutha kufika tsiku lachitatu osamva kanthu. Botolo lenilenilo muzilisunga pamthunzi m'kabati yapansi, chifukwa amene ali ndi tizilombo tamoyo amafooka akaphikidwa ndi dzuwa.

Apinki si a m'kaseti ayi. Ndi a m'madzi ogujumulira, kuti mbale iziterera ndi kununkhira. Si ofunikira kwenikweni. Chachikulu onani kaye kumene chimbudzi chanu chimatenga madzi. Zina zili ndi kathanki kakekake, koma zambiri za mu motorhome zimakoka m'thanki yaikulu, yomweyo ya madzi ophikira ndi osamba. Ngati chanu chili chotero, apinki asayandikire thankiyo ngakhale dontho. Sungunulani pang'ono m'kabotolo kopopera, muzipopera m'mbale.

Tsopano chimene ndikuganiza kuti chikukuvutitsani kuposa mankhwala: madzi ndi labala. Anthu ambiri amathira mankhwala m'kaseti youma pofuna kusunga malo. Mankhwala popanda madzi sagwira. Mukakhuthula n'kutsuka, thirani malita awiri a madzi pamodzi ndi muyezo wolembedwa pabotolo, kuti pansi ponse pamire. Kuwirikiza muyezo sikuthandiza, kumangotha ndalama. Chotsekera chizikhala chotseka nthawi zonse pamene munthu sakugwiritsa ntchito, anawo muwaphunzitse. Pepala nalonso, ikani kachidutswa m'botolo la madzi n'kukhutchumula. Likanyenyeka msanga ndi labwino, likakhala lathunthu lidzakutsekerani pokhuthula. Timapepala tonyowa topukutira makanda tisalowemo.

Popeza galimoto yanu inakhalapo ndi eni ake ena, labala uja mwina anatha kale. Muyeseni chonchi: tsekani chotsekera, thirani kapu ya madzi m'mbale, mubwere pakatha ola. Mukapeza madzi atsika, labala akudontha, ndipo palibe botolo la mtundu uliwonse limene lichotse fungolo. Watsopano si wovuta kuika. Muzimupaka mafuta a silicone kapena a olive, osati Vaseline kapena mafuta ophikira wamba, amenewo amamuwononga. Mkati mwa kaseti yakale mumamatanso nkhambakamba za mkodzo zimene zimasunga fungo. Zimachoka mukaviika usiku wonse ndi mankhwala otsukira kaseti kapena citric acid, asidi wopezeka m'mandimu, m'madzi ofunda, osati owira.

Pali kanthu kena ka ulendo wanuwo kamene mabotolo sakatchula. Moatize ili m'chigwa, Ulongué ili pamtunda wopitirira mamita 1,000. Mukamakwera, mpweya wa m'kaseti umafufuma. Kaseti zina zili ndi kavavu kotulutsa mpweyawo kokha, koma pa yakale kamatha kuuma. Mukafika, tsegulani chotsekera koyamba chivundikiro cha mbale chili chotseka, kuti zisakuthovukireni kumaso.

Mankhwala akakutherani panjira, supuni zingapo za sopo wa ufa wochapira wokhala ndi ma enzyme zingakufikitseni tsiku limodzi kapena awiri. Ena amachita zimenezi chaka chonse, koma kutentha kwa kwathu kuno ine sindingadalire.

Chimene ndikupempheni ndi mtima wonse n'chokhudza kotaya. Palibe mankhwala, abuluu kapena obiriwira, amene amasandutsa za m'kaseti kukhala zosaopsa. Kolera anavuta kwambiri chigawo chathu cha Tete mu 2015, anabweranso mu 2023, ndipo njira yake ndi yomweyi, zonyansa za munthu kulowa m'madzi akumwa. Musakhuthule mu Revúbuè, mu Zambezi, m'nyanja ya Cahora Bassa, m'dambo kapena kuseri kwa tchire poganiza kuti palibe akuona. Kumunsi kuli amayi akutunga ndi ana akusamba. Khuthulani m'chimbudzi, mutapempha eni ake, pang'onopang'ono, chala chili pa batani lolowetsa mpweya kuti zisakhavukire. Chikakhala chokumba, chikhale chotalikirana ndi chitsime mamita osachepera 30. Kaseti musakatsukire pamjigo. Khalani ndi chigubu chakechake cha ntchitoyi, magolovesi, ndi sopo wosamba m'manja.

Ngati mukuona kuti mudzayenda nayo zaka zambiri galimotoyi, funsaninso za SOG, kafani kakang'ono ka magetsi a 12V kochokera ku Germany, kamene kamayaka chotsekera chikatseguka n'kukokera fungo panja kudzera mu sefa ya makala. Amene anaika ambiri sathiranso mankhwala. Koma poyambira, mukamatuma munthu wopita ku Joni, mulembereni zitatu: mankhwala obiriwira olembedwa kuti ngololedwa mu septiki, mafuta a silicone, ndi labala watsopano. Nambala ya chimbudzi chanu, monga C200 kapena C400, ili pa kapepala komatidwa pa kaseti kapena m'kachipinda kake. Ijambuleni pa foni mumutumizire, chifukwa labala wa mtundu wina sangakwane.