Ku Gubbio kuli chani kupatula matchalitchi?

FUNSO

Moni a danga la mafunso. Ine ndi bambo akunyumba tikupita ku Italy mwezi wa May kukaona mwana wathu wamkazi amene akuphunzira ku Perugia, tikakhala masabata awiri basi. Mwanayo akuti atitengera ku Assisi komanso ku katawuni kena kotchedwa Gubbio. Vuto ndi bambowa, akuti iwo sakwera ndege ulendo wonsewo kuti azikangolowa tchalitchi ichi kutuluka kulowa china, anali aphunzitsi a jogalafe ndipo mpaka pano amakwerabe phiri la Zomba ngati mnyamata. Ineyo ndi wa Chikatolika wa mpingo weniweni, koma malo okwera ndimachita nawo chizungulire. Kodi ku Gubbioko kuli zoti tonse awiri tingasangalale nazo? Nanga tipite tsiku liti?

Mayi wa ku Zomba

YANKHO

Amayi, mwana wanu wasankha bwino, ndipo ndikuuzeni pompano kuti amene akavute kuchoka ku Gubbio ndi bambo omwewo. Koma tiyambe ndi za tsikuli chifukwa mwati May.

Pa 15 May chaka chilichonse kumakhala mwambo wa Corsa dei Ceri, wokumbukira Ubaldo woyera, bishopu wa tawuniyi amene anamwalira pa 16 May 1160. Ceri ndi zimitengo zitatu zosema, zazitali kuposa nyumba wamba, chilichonse cholemera pafupifupi makilogalamu 300, pamwamba pake amaikapo kachifanizo ka woyera mtima. Ovala malaya achikasu amanyamula cha Ubaldo, abuluu cha Giorgio, akuda cha Antonio, ndiye madzulo amazisenza pamapewa nkumathamanga nazo mtimisewu topanikizika mpaka kukwera nazo phiri la Ingino akulandirana ali chithamangire osaima. Chodabwitsa nchakuti sapitirirana, Ubaldo amakhala patsogolo chaka ndi chaka, chimene amalimbirana ndi kuthamanga bwino osagwetsa. Ndi zokongola zedi koma chikhamu chake amayi, munthu umangotengedwa ngati chitsotso pamadzi osefukira. Ngati mumatopa msanga ndi kukankhana musapite tsikulo, pitani tsiku wamba mkati mwa sabata. Lamulungu lomaliza la May kumakhalanso mpikisano wolasa mivi ndi mauta akalekale, Palio della Balestra, amapikisana ndi a tawuni ya Sansepolcro atavala zovala zamakedzana, umenewo ndiye mutha kuonera mtima uli mmalo.

Kafikidwe kake, Gubbio ali pamtunda wa makilomita ngati 40 kuchokera ku Perugia ndipo kulibe siteshoni ya sitima, musavutike nkufunafuna. Kwerani basi ku Perugia komweko, mwana wanu aonetsetse nthawi ya basi yomaliza yobwerera makamaka ngati ndi Lamulungu poti mabasi amachepa.

Mukatsika basi yambirani pabwalo lamunsi lotchedwa Piazza Quaranta Martiri. Dzinalo ndi lachisoni, ndi la anthu 40 a mtawuniyi amene asilikali a Germany anawaombera pa 22 June 1944. Pabwalo pomwepo pali tchalitchi cha San Francesco, ndipo apa ndi panu amayi. Fransisko woyera atavula zovala nkuzibweza kwa bambo ake ku Assisi, anayenda wapansi kudzafika kuno, banja la Spadalonga nkumulandira, tchalitchicho chinamangidwa pamalo a banja limeneli. Nkhani ija mumaimva ya mmbulu umene unkadya anthu ndi ziweto mpaka Fransisko anapangana nawo mtendere, ndi ya ku Gubbio konkuno, ndipo katchalitchi ka Vittorina kunja pang'ono kwa tawuni ndi kamene amati anakumanirana.

Bambo akayamba kuyang'ana wotchi atengereni ku bwalo la zisudzo la Aroma, lili chapafupi pomwepo pa kapinga, linamangidwa Yesu asanabadwe ndipo mpaka lero nthawi yotentha amachitiramo masewero. Kenako kwerani kumtunda ku Piazza Grande, bwalo lomwe analimanga pamwamba pa zipilala zikuluzikulu chifukwa malowo ndi otsetsereka, ukaima kumphepete chigwa chonse chimaoneka pansi. Pamenepo pali chinyumba chamiyala cha Palazzo dei Consoli chomwe anayamba kumanga mu 1332. Mkatimo muli miyuziyamu, lipirani tikiti musaumire, muli mapale asanu ndi awiri amkuwa amene anapezeka mu 1444, olembedwa mchiyankhulo cha anthu akale a chigawo chimenechi cha Umbria chomwe chinafa kalekale Chilatini chitachimeza. Zolembedwazo ndi malangizo a ansembe a nthawiyo, nyama yoti aphe, pachipata chiti, mbalame ziti aziyang'ana kaye asanayambe nsembe. Ine zimenezi zimandigwira mtima kuposa nyumba zonse za mtawunimo, chiyankhulo chathunthu kutsala pa timapale tomwe mutha kutiyala pamphasa imodzi.

Tsopano za chizungulire chanucho. Tchalitchi cha Ubaldo chili pamwamba pa phiri la Ingino ndipo thupi lake lili mbokosi lagalasi pamwamba pa guwa, ma ceri ajanso amasungidwa momwemo, kupatula kuyambira Lamulungu loyamba la May mpaka pa 15 May pomwe amakhala atawatsitsira mtawuni. Njira yachidule yokwerera ndi Funivia Colle Eletto, ndipo sindikunamizani, si galimoto yotsekedwa ayi, ndi timadengu tachitsulo ngati khola la mbalame, mumaimirira anthu awiri, ndiye sitiima poti mukwere, umachita kuthamangira pang'ono nkudumphiramo wantchito nkutseka kachitseko. Mphindi ngati zisanu ndi imodzi uli lendelende pamwamba pa mitengo. Bambo akasangalala nazo ngati mwana. Inuyo musadzikakamize, pali msewu wadothi wokhotakhota umene onyamula ceri amadzera, muli mithunzi ya mitengo, mukayenda mwaufatse ndi mwana wanu mukupuma mmakona mukafika bwinobwino, munthu wa ku Zomba phiri limeneli silingakuopseni. Bola nsapato zikhale zafulati, misewu ya mtawuni monse ndi yamiyala komanso yokwera. Phiri lomweli ndi limene amaliyala magetsi mooneka ngati mtengo wa Khirisimasi kuyambira mu 1981, unalowa mpaka mbuku la Guinness mu 1991, koma amayatsa mu December ndiye inu mukaona pa zithunzi basi.

Koma chimene ndikufuna muwauze aphunzitsiwo ndi ichi. Mukangotuluka mtawuni kulowera msewu wa ku Scheggia pali chigwa chopapatiza cha Gola del Bottaccione, choyenda wapansi. Mmatanthwe a mmbali mwa msewuwo miyala inasanjikizana ngati masamba a buku, ndipo pakati pake pali kamzere kadongo kopyapyala ngati chala. Katswiri wa za miyala wa ku America, Walter Alvarez, anatenga dongo limeneli nkukaliyeza ndi bambo ake Luis Alvarez, anapeza kuti lili ndi iridium wochuluka modabwitsa, chitsulo chosowa padziko pano koma chopezeka mmiyala yochokera mumlengalenga. Mu 1980 iwo ndi anzawo analengeza ganizo loti chimwala chachikulu chinagunda dziko zaka 66 miliyoni zapitazo nkumaliza madainaso, mtundu wa zinyama zija mafupa ake mumawaona ku miyuziyamu ya ku Karonga. Chidzenje chomwe chimwalacho chinasiya anadzachizindikira pambuyo pake ku Mexico. Munthu amene waphunzitsa jogalafe moyo wake wonse kuika chala pa kamzere kameneko, muwasiye kaye, musawafulumizitse. Mchigwa momwemo muli ngalande yamadzi yakalekale yomangidwa mmbali mwa thanthwe yomwe anthu amayendapo, bambo ayende, inu mukhale pansi chifukwa mbali ina ndi phompho.

Akapanda kukhutira pali Monte Cucco, phiri la mamita 1,566 kufupi ndi midzi ya Costacciaro ndi Sigillo, kuli njira za mnkhalango, phanga lalikulu lolowa ndi wolondolera, komanso anthu owuluka ndi maparachuti. Kumeneko kumafuna galimoto ndi tsiku lakelake, kuphangako amabukitsiratu ndipo mumazizira, jekete asaiwale. Palinso njira ya Fransisko yochoka ku Gubbio kudzera ku Valfabbrica mpaka ku Assisi, ya masiku awiri kapena atatu wapansi, imeneyo ndangoitchula poti mwina ndi pomwe pemphero lanu ndi miyendo ya bambo zingagwirizane.

Nkhomaliro funsani crescia, buledi wafulati wootcha yemwe amaikamo nyama kapena ndiwo zamasamba, kapena friccò, nyama ya nkhuku, kalulu kapena nkhosa yophika ndi tomato, msuzi wake mungalakelake nsima. Malesitanti ambiri amatseka khitchini masana akapendeka mpaka madzulo, musachedwe.

Pobwerera ku basi dzerani pa kasupe wa Fontana del Bargello, eni ake amati kasupe wa amisala. Mwambo wake ngwakuti mlendo azungulire katatu, munthu wa ku Gubbio amuwaze madzi, ndiye amapatsidwa setifiketi yoti ndi wamisala wovomerezeka wa mtawuniyi, imagulitsidwa mtimashopu ta pomwepo. Bambo azungulire ndi iwo, inu mugwire foni mujambule kuti ana asukulu awo akale akaone.