Za batire la I-Pace ija, achikulire

Achikulire, funso lanu ndaliona, ndipo poti ambiri angoyankha moseka, ine ndiyankha motalikirapo. Mwati mwapeza galimoto yamagetsi ya Jaguar I-Pace ya 2019 ku UK pamtengo wokoma, mukuyang'ananso Audi e-tron, koma mtima uli pa batire. Mukufunsa ngati silidzafa pakangotha zaka ziwiri ngati la foni, n'kukusiyirani chigoba cha galimoto pabwalo ku Kalongwezi, kuno ku Chipata.

Kufa msanga kotero ayi. Batire la galimoto zodula ngati zimenezi limaziziritsidwa ndi madzi oyenda m'timapaipi, ndipo pali kompyuta yomwe imayang'anira kutentha ndi mphamvu ya zigawo zake usana ndi usiku. Kampani ya Geotab, yomwe imatsata magalimoto ambirimbiri, inanena mu 2024 kuti mabatire amataya mphamvu pafupifupi 1.8 peresenti pachaka. Ndiye galimoto ya zaka zisanu ndi chimodzi yosamalidwa bwino iyenera kukhala idakali pafupi ndi 90 peresenti. Mbiri yoipa yomwe anthu amanena inachokera kwambiri ku Nissan Leaf zoyambirira, zomwe batire lake linalibe madzi oziziritsa. Mu 2012 eni ake ku Phoenix, m'chipululu cha Arizona, anadandaula kuti mphamvu ikutsika msanga chifukwa cha kutentha. Nkhaniyo inali yoona, koma si ya galimoto zonse.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi china. Batire likavuta, ngakhale mwa apo ndi apo, mudzagogoda pakhomo la ndani?

Tiyambe ndi waranti, chifukwa ogulitsa amaitchula mokweza kwambiri. Jaguar ndi Audi amapereka zaka 8 kapena makilomita 160,000 pa batire. Mercedes pa EQS anafika zaka 10 kapena makilomita 250,000. Zaka zimenezi zimawerengedwa kuyambira tsiku limene galimotoyo inalembetsedwa koyamba, osati tsiku limene inu mwaigula. I-Pace ya 2019 waranti yake ikutha mu 2027. Ndipo waranti ndi pepala lomwe limagwira ntchito pokhapokha pali dila wovomerezeka wokhala ndi makina ndi amisiri ophunzitsidwa za galimoto zamagetsi. Musakhulupirire mawu a pa WhatsApp a wogulitsa wa ku Birmingham. Lemberani dila wa mtundu umenewo ku Lusaka, mum'patse nambala ya chasisi, mum'funse ngati angailandire galimoto yobwera payokha kuchokera ku UK, ndipo akuyankheni molemba. Akati ayi, kapena akayamba kuzungulirazungulira, dziwani kuti chipatala cha galimoto yanu chikhala ku Johannesburg, ndipo ikapita kumeneko itakwera thiraki. Batire lokha la e-tron limalemera pafupifupi makilogalamu 700, ndipo potumiza limawerengedwa ngati katundu woopsa. Si chinthu choti mnzanu akubweretsereni pa basi.

Tsopano za I-Pace yeniyeniyo. Pano ndikupemphani mumvetsere, chifukwa kutsika kwa mtengo kuli ndi chifukwa chake. Mu 2023 Jaguar inaitanitsa galimotozi chifukwa mabatire ena, opangidwa ndi LG, ankatha kutentha kwambiri mpaka kuyaka moto. Poyamba anangosintha pulogalamu ya kompyuta. Mu 2024 eni a galimoto za 2019 ku America anauzidwa kuti asachaje kupitirira 80 peresenti ndiponso aziimika panja, kutali ndi nyumba. Kumapeto kwa chaka chomwecho kampaniyo inavomera kugulanso galimoto 2,760 za 2019 kumeneko. Chaka chimene mwasankhacho ndi chomwecho. Sindikunena kuti iliyonse ndi bomba, ayi, zambiri zikuyenda bwinobwino. Si Jaguar yokhanso: Chevrolet Bolt, Hyundai Kona yamagetsi, ngakhale Porsche Taycan zinaitanitsidwapo pa nkhani ya batire. Kusiyana kwake n'kwakuti munthu wa ku Manchester akalandira kalata yotere, amapita kwa dila m'mawa n'kubwerako madzulo. Inu kalatayo siidzakupezani n'komwe. Choncho musanatumize ngakhale ngwee imodzi, wogulitsa akutumizireni mapepala a dila osonyeza kuti ntchito zonse zimene kampani inaitanitsira galimotoyo zinachitidwa, komanso ngati pali zigawo za batire zimene zinasinthidwa.

Pepala lachiwiri ndi la thanzi la batire, lomwe amalitcha State of Health. Ogulitsa ambiri amangojambula dashibodi itaonetsa makilomita 380 n'kunena kuti batire lili bwino. Nambala imeneyo ndi yongoyerekeza, imasintha malinga ndi mmene munthu anayendetsera dzulo lake. Akayenda pang'onopang'ono m'tauni, mawa nambala imakwera. Chofunika ndi lipoti lochokera pa makina a dila, kapena la oyesa oima paokha monga Aviloo, lokhala ndi nambala ya chasisi ndi deti. Likhale pamwamba pa 85 peresenti. Wogulitsa wokana kuyezetsa wakuuzani kale zonse.

Muwauzenso ayikweze pa chikepe cha m'galaja ajambule kunsi. Batire la galimotozi lili pansi penipeni, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, lophimbidwa ndi chitsulo chafulati. Yang'anani ngati chitsulocho chili ndi chibowo, pobonyoka, kapena mkwasa wakuya wa mwala. Yang'ananinso mabawuti ake ngati adya dzimbiri, chifukwa ku UK amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu. Kubonyoka kwakung'ono komwe pa Hilux tingangoseka, pa galimoto yamagetsi kungachititse dila kukana waranti. Ndipo ikafika kuno, mahampu athu ndi maenje a m'nyengo ya dzinja adzakhala akulimbana ndi chitsulo chomwecho. Pa mbali iyi I-Pace ndi e-tron zili bwino kuposa Taycan kapena EQS zomwe ndi zogwada, makamaka zikakhala ndi sasipenshoni ya mpweya yokweza galimoto. Koma msewu wa kumunda ku Chipangali m'mwezi wa Febuluwale, ayi ndithu, musayese.

Kuchaja. Batire la I-Pace ndi la 90 kWh (kWh ndi muyeso wa mphamvu imene batire limasunga). Pa soketi wamba ya m'nyumba, yomwe imapereka pang'ono kupitirira 2 kW, kudzaza kuyambira pansi kumatenga maola pafupifupi 40. Mukaika chaja ya pakhoma ya 7 kW ndi maola ngati 13. Musawononge ndalama kukoka malaiti a three-phase chifukwa cha I-Pace ya 2019, chaja yake ya m'kati imathera pa 7 kW pomwepo. Ya 11 kW inabwera ndi za 2021. Tsono kumbukirani 2024, chilala chitaphwetsa Kariba, mmene ZESCO inkatipatsira malaiti maola atatu okha patsiku m'miyezi ina. Maola atatu pa 7 kW ndi mphamvu ngati 20 kWh, yokwana makilomita 80 kapena 90 pa galimoto yolemera chonchi. Kwa munthu woyenda kunyumba, kuofesi, ku Kapata, kukatenga ana kusukulu, zimenezo n'zokwanira ndithu. Anthu amaiwala kuti galimoto siichajidwa kuyambira pa ziro tsiku lililonse, umangobwezera zimene wadya. Ngati muli ndi sola yayikulu, ya 5 kW kupita m'mwamba, dzuwa la kuno lingakupatseni mphamvu yofanana ndi imeneyo patsiku, bola galimoto ikhale pakhomo masana ndipo invata ikhale yokwanira. Sola ya mafiriji ndi TV singathe. Ndipo waya wa m'nyumba ayambe wauona katswiri wa zamagetsi, aone ngati earth ili bwino, chifukwa machaja amenewa amakana kugwira ntchito earth ikakhala yokayikitsa, komanso sakondwa ndi majenereta ang'onoang'ono.

Pulagi mwachita mwayi. Za ku UK zimabwera ndi CCS2, yofanana ndi ya ku South Africa. Mukanatenga ya ku Japan mukanapeza CHAdeMO, za msika wa ku China zimakhala ndi GB/T, ndipo zimenezo zimafuna maadaputa odula.

Ulendo wa ku Lusaka ndiwo ungakukhumudwitseni. Kuchoka pano pa Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Pa pepala I-Pace yatsopano imayenda 470, koma imeneyo ndi nambala ya m'chipinda choyesera. Ikani liwiro la 110 kapena 120, eyakoni yoyaka, anthu anayi, thumba la mtedza kumbuyo, batire lomwe lataya kale gawo limodzi mwa magawo khumi, mupeza kuti mukusewera pa 300. Katete mudutsa, Sinda, Petauke, Nyimba, mapiri a ku Kacholola, ndipo mphamvu idzakhala ikutha musanafike pa mlatho wa Luangwa, paja amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Kutsogolo kukadali makilomita oposa 200 ndi zitunda za ku Rufunsa. Kutsetsereka kumabwezerako mphamvu pang'ono, inde, koma sikubweza zonse zimene chitunda chadya. Machaja othamanga ochepa amene ali m'dziko muno ambiri ali ku Lusaka. Ndiye ulendowu umafuna kugona panjira, pa loji yomwe mwapangana nayo kale kuti muchaja usiku wonse, ndipo usiku umodzi pa soketi wamba ungakupatseni makilomita 100 okha. Ku Lilongwe kudzera pa Mwami, kupita n'kubwera kuli pafupi ndi 300, n'zotheka koma mopanikiza. Ku Mfuwe mungapite n'kubwera, ngakhale kukwera kuchoka m'chigwa kumadya kwambiri.

Kutentha kwa Okutobala, makamaka kuchigwa cha Luangwa komwe kumapitirira madigiri 40, batire la mtundu uwu silikukonda. Mdani wake wamkulu ndi kukhala lodzaza 100 peresenti lili padzuwa masiku ambiri. I-Pace ndi e-tron zili ndi mabatire a mtundu wotchedwa NMC, ndiye tsiku ndi tsiku muzichaja kufika 80 peresenti, 100 pokhapokha mukunyamuka ulendo, ndipo muziimika pamthunzi. Mabatire a mtundu wina wotchedwa LFP, monga Blade ya kampani ya BYD, amapirira bwino kutentha ndi kudzazidwa mpaka pakamwa, ndipo savuta kuyaka. Kunena zoona, kwa nyengo yathu ino ine ndingasankhe LFP, ngakhale dzina la galimotoyo silingatembenuze makosi pa ukwati ngati Jaguar.

Pali kabatire kena kamene palibe wakatchula pano, ka 12 volts, kofanana ndi ka galimoto wamba. Bungwe la ADAC la ku Germany, lomwe limathandiza oyendetsa galimoto zikawafera panjira, limapeza kuti ngakhale pa galimoto zamagetsi kabatire kameneka ndiko kamayambitsa mavuto ambiri. Kakafooka, galimoto siidzuka ngakhale batire lalikulu lili lodzaza, nthawi zina ngakhale zitseko sizitseguka. Galimoto yanu ikhala masabata angapo pa sitima ndi padoko, kaya ku Dar es Salaam kaya ku Walvis Bay. Ambiri amaiona itafa padoko n'kuganiza kuti abetsa ndalama, pomwe vuto ndi kabatire kotsika mtengo. Muuze wotumiza aikweze batire lalikulu lili cha pa theka, osati lodzaza kapena lotsala pang'ono kutha, ndipo amene akukaitenga anyamule chojampira.

Amakaniko athu ndimawalemekeza, amadzutsa galimoto zomwe kwina zikanatayidwa kalekale. Mabuleki, matayala, mabushi, zimenezo apatseni. Koma mawaya a mtundu wa olenji aja amanyamula pafupifupi 400 volts, ndipo amapha. Munthu wosaphunzira ntchitoyo asawakhudze, ngakhale atalumbira kuti anakonzapo Prius. Ikafera panjira isakokedwenso ndi chingwe, ikwezedwe yonse pa thiraki, chifukwa matayala akamazungulira mamota amapanga magetsi n'kuwononga zam'kati.

Za msonkho, bajeti ya 2024 inachotsa customs duty pa galimoto zamagetsi ndi machaja ake, ndipo n'chimodzi mwa zimene zikukopa anthu. Komabe ejenti wanu akuwerengereni zonse za ku ZRA, bungwe lotolera msonkho, musanalipire, ndipo a inshuwaransi akulembereni kuti batire lili m'gulu la zotetezedwa, kuphatikizapo kugundidwa kunsi ndi kulowa madzi.

Maganizo anga ndi awa. I-Pace ya 2019 ndingaisiye, pokhapokha mapepala a dila asonyeze kuti batire linasinthidwa. Pa ziwirizi e-tron ikundipatsa mtendere pang'ono, ngakhale imadya magetsi kwambiri ndipo nayonso muifufuze ndi nambala ya chasisi chimodzimodzi. Ngati iyi ndiyo ikhale galimoto yokhayo pakhomo, ndipo ku Lusaka mumapita mwezi ndi mwezi, tengani hybrid yoyendera petulo ndi magetsi, Lexus RX kapena Harrier, mugone tulo. Ngati Hilux ikhalapobe ya maulendo ndi kumunda, sola muli nayo, ndipo mungathe kusunga padera ndalama yokwanira kuikweza thiraki kupita kwa dila tsiku loipa, gulani, mudzasangalala nayo m'tauni muno. Lipoti la batire lija likabwera, liikeni pano mutabisa nambala ya chasisi, tiliwerengere limodzi.