Makamera a pashopu ndi nkhani ya IPv6

Amayi, mwafunsa kuti bwanji makamera a pashopu panu ku Kamwala sakuoneka pafoni mukakhala kunyumba ku Chilenje, pomwe intaneti ikugwira bwinobwino, ndipo mnyamata amene anawaika akuti mulipire public IP, kutanthauza adilesi yanuyanu ya pa intaneti yosagawana ndi ena. Mnyamatayo sakukunamizani. Ntchito yanga ndi yolumikiza manetiweki, ndipo dandaulo limeneli ndimalimva kawirikawiri.

Chipangizo chilichonse pa intaneti chimafuna adilesi. Njira yakale, IPv4, ili ndi maadilesi pafupifupi 4.3 biliyoni basi. Bungwe la IANA, loyang'anira maadilesi padziko lonse, linagawa otsiriza mu February 2011, ndipo AFRINIC, limene limagawa kuno ku Africa, lakhala likupereka mopimira kuyambira 2017. Tsono makampani a intaneti amaunjika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa adilesi imodzi, zomwe timati CGNAT. Taganizani za puloti ya ku Kanyama ya zitseko 20 koma geti limodzi: alendi amatuluka mosavuta, koma mlendo akaima pageti sadziwa chitseko choti agogode. Foni yanu ndiyo mlendoyo. Mukafuna kutsimikiza, onani adilesi ya WAN (imene kampani ya intaneti yakupatsani) mu rauta yanu. Ikayamba ndi 100.64 kufikira 100.127, muli kuseri kwa geti limenelo.

Njira yatsopano, IPv6, anaikonzera zimenezi. Malamulo ake analembedwa kale m'ma 1990, maadilesi ake ndi osawerengeka, ndipo pa 6 June 2012 Google, Facebook ndi ena anaiyatsa osaizimitsanso. Nanga bwanji mpaka lero tikukwawa? Njira ziwirizi sizimvana, ndiye kampani iyenera kuyendetsa zonse pamodzi, kuphunzitsa akatswiri ake, kusintha marauta akale m'nyumba za anthu. Ndalama zikatuluka chonchi, kasitomala woonera YouTube saona kusintha kulikonse, sawonjezeranso ngakhale ngwee imodzi. Komanso adilesi ikamasowa imasanduka malonda a mwezi ndi mwezi, ndipo izi ndizo zimandiwawa, chifukwa wovutika ndi wa shopu ngati inu, kakiliniki, sukulu yaing'ono. Ku India, kampani ya mafoni ya Jio inamanga netiweki yatsopano mu 2016 ndipo IPv6 inalowamo poyambirira pomwe. Ovutika kusuntha ndi amene ali kale ndi zipangizo zakale zomwe zikugwirabe.

Musanalipire, funsani kampani yanu ngati imapereka IPv6, ndipo muitchule ndi dzina kuti adziwe kuti ikufunidwa. Koma samalani: iyenera kupezeka mbali zonse ziwiri, kushopu ndi pafoni panu, ndipo DVR yanu, bokosi losunga zimene makamera ajambula, nayo iyenera kuidziwa. Zikakanika, muuzeni mnyamatayo ayatse P2P, ija yolumikiza ndi QR code, imene imadutsa CGNAT popanda public IP. Chonde musinthe pasiwedi imene DVR inabwera nayo kuchokera kusitolo, chifukwa imeneyo akuba a pa intaneti amaidziwa pamtima.