Kodi crowbar yaikulu ingakwane pokonzanso nyumba yakale?

Sabata ino ndikuyankha kalata ya bambo wina wa ku Zomba. Agula nyumba yakale yomangidwa cha m'ma 1970, ndipo akufuna kusasula denga, kuchotsa siling'i ndi mafelemu a zitseko, kenako kugumula khoma lomwe lili pakati pa khitchini ndi pabalaza. Malata, matabwa ndi njerwa zomwe zikadali zabwino akufuna azigwiritsenso ntchito. Funso lawo ndi lakuti: agule crowbar (chitsulo chokanulira zinthu) yaitali yolemera ija, kapena hamala yaikulu ya mapaundi 14 ingathe zonse?

Achimwene, popeza mukufuna kupulumutsa katundu, hamala yaikuluyo muyambe mwaiiwala. Hamala imaswa, pomwe crowbar imalekanitsa zinthu zomwe mmisiri analumikiza. Koma crowbar imodzi sikwana. Mufunika ya masentimita 75 kapena 90, ya khosi lopindika ndi mano ozulira misomali, ndipo imeneyi ndiyo igwire ntchito zambiri. Mufunikanso kaching'ono kaphanthiphanthi ka masentimita pafupifupi 30, kolowetsa kuseri kwa matabwa opyapyala. Chitsulo chachitali cha mita imodzi ndi theka kapena kuposa, chomwe chimalemera makilogalamu 6 mpaka 8, ntchito yake ndi yapansi: kutukula zidutswa za konkire, kugwedeza mwala, kukumba. Musakwere nacho padenga. Ngati simukuswa simenti yapansi, ingobwerekani tsiku lomwe chafunika.

Mphamvu musaide nkhawa. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ngati chitsulo ndi cha masentimita 90, ndipo chatsamira pamalo otalikirana masentimita 5 ndi nsonga yake, mbali yomwe mwagwira ndi ya masentimita 85. Ndiye kuti mphamvu yanu ikuchulukitsidwa ka 17. Mukakanikiza ndi mphamvu ya makilogalamu 30, yomwe ngakhale mnyamata wa fomu 2 angaikwanitse, kunsongako kukufika makilogalamu oposa 500. Chomwe ambiri sachiganizira n'chakuti kulemera konseko kumagweranso pamalo pomwe chitsulo chatsamira. Chikatsamira pa pulasitala, pulasitalayo amafumbutuka. Chikatsamira pa lata, latalo limaphwatalala. N'chifukwa chake m'thumba mwanu musamasowe kachidutswa ka thabwa. Kaikeni pansi pa khosi la crowbar nthawi iliyonse. Kamamwaza kulemerako pamalo aakulu, komanso kamakweza chitsulo kotero kuti msomali wautali umatuluka wowongoka m'malo mopindika n'kung'amba bowo. Ndikaona mmisiri akuzula misomali popanda kathabwa kameneka, ndimadziwa kuti katunduyo si wake.

Musanakhudze chilichonse, thimitsani magetsi pa main switch, ndipo ngati mukuchotsa denga lonse itanani wamagetsi wovomerezeka adule mawaya. Malo omwe waya wa ESCOM amalowera m'nyumba si anu oti mugwireko. Crowbar ndi chitsulo kuyambira kumutu mpaka kumchira, ilibe chogwirira cha mtengo. Mawaya m'makoma nthawi zambiri amayenda mowongoka kuchoka pa soketi kapena switchi kukwera kumwamba, choncho jambulani mizere ndi choko. Madzi nawo mutseke pa mita.

Pa denga pali nkhani yomwe ndikufuna muimvetse bwino chifukwa cha zaka za nyumba yanu. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo, makamaka za boma ndi za makampani, anazifolera ndi mapepala otuwa a simenti yosakaniza ndi asbestos (ulusi wochokera m'miyala), ndipo zina siling'i yake ndi ya zomwezo. Ngati denga lanu kapena siling'i ili yotuwa, yolimba, yosachita dzimbiri, crowbar isayandikire. Mukaswa, fumbi lake limalowa m'mapapo ndipo silituluka. Matenda ake, kuphatikizapo khansa yotchedwa mesothelioma, amadzaonekera patapita zaka 20, 30 kapena 40. Dziko la Britain linaletseratu asbestos mu 1999, South Africa mu 2008, koma m'nyumba zathu zakale akadalimo. Mapepala otere amachotsedwa athunthu, atanyowetsedwa, pomasula mabawuti, ndi anthu ovala zotchinga mphuno zenizeni, osati kansalu. Komanso saponderapo, amabooka mosachenjeza.

Ngati ndi malata wamba, yambani ndi chotchinga cha pamsonga, kenako muzitsika lata limodzilimodzi, kuyambira lomwe lili pamwamba pa anzake. Misomali ya malata imakhomedwa pamwamba pa msana wa lata ndipo yambiri mwa iyo ndi yopota, imakana kutuluka. Gonekani kathabwa kozungulira kapena kachidutswa ka paipi m'ngalande yoyandikana ndi msomaliwo, tsamiritsani crowbar pamenepo, lowetsani mano pansi pa mutu wa msomali, kenako kokani pang'onopang'ono. Mutu ukaduka, usiyeni, mudzautulutsa lata litachoka. Muziponda pomwe pali mzere wa misomali, chifukwa pansi pake ndi pomwe pali thabwa. Ndipo nyumba ya zaka 50 ku Zomba, konyowa kuja, musaikhulupirire: gogodani mapaso ndi mitanda muli pansi musanakwere. Chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu looneka labwinobwino. Tsiku la mphepo musagwire lata padenga.

Siling'i ndi yosavuta. Chotsani timatabwa totchinga molumikizira ndi kachitsulo kakang'ono kaja, kenako kanulani pafupi ndi msomali uliwonse. Imani pambali, osati pansi pake, pakuti pamwambapo pamakhala fumbi, ndowe za mileme ndi makoswe, nthawi zina ndi njerwa zomwe omanga anasiya.

Mafelemu ndi pomwe anthu amawononga ndalama. Felemu lachitsulo lili ndi timichira tomwe tinamangidwira m'kati mwa khoma, kawirikawiri titatu mbali iliyonse. Mukangolowetsa crowbar n'kukankha, felemu limapindika ndipo chitseko sichidzatsekanso bwino. Yambani mwasema pulasitala mozungulira ndi tchizulo ndi hamala yaing'ono, pezani timichirato, gumulani matope kapena simenti yotigwira, ndipo crowbar ibwere pomaliza, kungosuntha pang'ono uku, pang'ono uko. Felemu la thabwa la mlombwa, ngati mwalipeza, lisamaleni kwambiri. Mtengo wotero lero kuupeza n'kovuta.

Tsopano khoma lija. Apa yankho silili m'chitsulo. Funso loyamba n'lakuti khomalo lanyamula chiyani. Kwerani m'denga muone ngati mitanda yagonera pa ilo. Yezani kunenepa kwake: la theka la njerwa limakhala pafupifupi masentimita 11 osawerengera pulasitala, la njerwa yathunthu pafupifupi 23. Lonenepalo kawirikawiri limakhala lonyamula, koma lopyapyala nalo likhoza kukhala kuti lagwira mitanda kapena likuchirikiza khoma lakunja kuti lisapendekeke. Lipirani injiniya kapena mmisiri wodziwa adzaone, ndipo mufunsenso ku khonsolo ya mzinda za chilolezo chosinthira nyumba. Ngati lanyamula, pamafunika mizati yogwirizira kaye ndi mtanda wa konkire kapena wachitsulo wolowa m'malo mwake.

Akakuuzani kuti ligwe, yambirani pamwamba, mzere umodziumodzi, mutaima pa thandala lokhazikika osati pa makwerero. Ngati anamangira dothi, monga zilili nyumba zambiri zakale, mwachita mwayi: nsonga ya crowbar ikalowa pakati pa mizere, njerwa imanyamuka yathunthu ngati chigumu m'mbale. Ngati ndi simenti yolimba, zambiri zidzasweka, musadandaule nazo, zidzagwira ntchito yothira pansi pa konkire. Chomwe ndikukanizani ndi chija anyamata aganyu amakonda, chogumula mizere yapansi kenako n'kulikankha kuti ligwe lonse kamodzi. Khoma lotero limasankha lokha kogwera.

Pogula, pezani chitsulo chosulidwa kufakitale, chosalumikiza paliponse. Zowotcherera kuchokera ku zitsulo za konkire, za Y16 kapena Y20, zimapindika mukafika pa ntchito yeniyeni, ndipo pamene anawotchererapo pamatha kuduka mwadzidzidzi inu mutatsamira ndi thupi lonse. Musaonjezere kutalika kwake ndi paipi. Musaimenye ndi hamala pokhapokha ngati inapangidwa ndi malo omenyapo, chifukwa zitsulo ziwiri zolimba zikawombana kachidutswa kamatha kuthethekera m'diso. Mapazi akhale motalikirana, nkhope isakhale pamzere womwe chitsulo chingadumphire msomali ukazuka mwadzidzidzi.

Magalasi oteteza maso, magolovesi achikopa ndi jombo zolimba pansi mugule pamodzi ndi crowbar, ndipo aganyu anu muwagulirenso. Thabwa lililonse likatsika, zulani misomali yake nthawi yomweyo n'kuiponya m'chitini. Wina akabayidwa ndi msomali, atsuke bala ndi madzi ndi sopo, apite kuchipatala tsiku lomwelo akafunse za katemera wa kafumbata. Ntchito yosasula denga muiike pakati pa Meyi ndi Okutobala, ndipo lona likhale pafupi, chifukwa ku Zomba chiperoni chimatha kubweretsa mvula yowaza ngakhale mu Juni ndi Julayi, ndipo khoma lomangira dothi likanyowa pamwamba limayamba kufewa.