Ndaluza mlandu ndili kale pangongole: ndalama za maloya ndizilowetse bwanji?

Wowerenga wina watumiza funso pa imelo. Akuti ali kale pa ndondomeko yobweza ngongole zingapo mwezi ndi mwezi, koma tsopano waluza mlandu ndipo khothi lalamula kuti abweze ndalama zimene mnzakeyo anawononga pamlanduwo. Akufunsa ngati angaziphatikize pa ndondomekoyo.

Nthawi zambiri zimatheka, koma musathamangire kuvomera nambala imene loya wa mbali inayo wakulemberani.

Ngongole apa zilipo ziwiri. Ya loya wanu ndi ngongole wamba, ya mgwirizano wa awirinu. Inayo, ya amene wapambana, ili ndi mphamvu ya khothi kumbuyo kwake, ndipo ndi imene ingabweretse a sherifu pakhomo. Mayiko otsata malamulo ochokera ku England nthawi zambiri amati woluza ndiye alipire, pomwe ku America aliyense amadzilipirira loya wake pokhapokha lamulo kapena mgwirizano utanena zosiyana. Choncho werengani chigamulocho mawu ndi mawu.

Kawirikawiri chigamulo chimangoti mulipire, osatchula kuti zingati. Wopambana amalemba bilu, ndipo mukapanda kugwirizana naye, biluyo imapita kwa mkulu wa kukhothi kuti aiunike. Apa ndi pamene ambiri amadzigwetsa m'dzenje: chifukwa chokhumudwa ndi chigamulo, amataya makalata pambali, masiku otsutsira amatha, bilu n'kudutsa yonse. Itsutseni mzere ndi mzere: maola ochuluka pa kalata yaifupi, ntchito imodzi yolembedwa kawiri, maloya awiri pomwe mmodzi akanakwana, tsiku limene mlandu unalephereka chifukwa cha iwo eni. Woluza salipira zonse zimene wopambana anapangana ndi loya wake ayi, amalipira zimene khothi laona kuti zinali zoyenera.

Nambala ikadziwika, onani mtundu wa ndondomeko yanu. Ngati ndi yongogwirizana ndi okukongozani, wopambanayo sakakamizidwa kulowamo. Muyenera kumupempha, ndipo muuzenso enawo msanga, chifukwa gawo lawo lichepa. Kagawidwe kake n'kotere: ngati ngongole zakale ndi 600, yatsopanoyi 400, zonse ndi 1,000, ndiye pa 100 iliyonse yotsala mukachotsa lendi, chakudya ndi zina zofunika, 40 ipite kwa iye, 60 kwa enawo. Mukamupatsa zambiri mobisa, enawo akadziwa akhoza kuthetsa mgwirizano wonse.

Ngati ndondomekoyo inakhazikitsidwa mwalamulo, nkhani yagona pa masiku: mlanduwo unayamba ndondomeko isanayambe kapena itayamba kale? Ku United Kingdom, khothi lalikulu kwambiri m'dzikolo pa mlandu wa kampani ya Nortel mu 2013 linati ndalama za mlandu umene unayamba kale zikhoza kuwerengedwa ngati ngongole yakale, ngakhale chigamulo chitabwera pambuyo. Mlandu umene unayamba ndondomeko itayamba kale umabala ngongole yatsopano, yolipira padera. Muuzeni woyang'anira ndondomeko yanu za chigamulocho tsiku lomwe chatuluka.

Wopambana akakana zolipira pang'onopang'ono, pemphani khothi lomwelo likuloleni, mutanyamula umboni wa malipiro anu, masitetimenti a kubanki ndi mndandanda wa ngongole zonse. Tchulani ndalama imene mungakwanitse mwezi wovuta, osati mwezi wabwino, popeza mukaphonya, wopambana amatha kubwerera kukhothi kuti alande katundu kapena azikudulani pamalipiro. Musaiwale chiwongoladzanja: ku England ngongole zambiri za chigamulo zimabala 8 pa 100 pachaka. Ngati zimene mukupereka sizikuposa chiwongoladzanjacho, ngongoleyo siitsika, choncho pemphani kuti chiimitsidwe, ndipo zilembedwe papepala losainidwa.

Za apilo, ndinganene kuti pakokha siimitsa kulipira. Pamafunika pempho lapadera loimitsa chigamulo, ndipo mukaluzanso, bilu yachiwiri ikubwera pamwamba pa yoyambayo.