Achimwene a ku Kasungu, RNQ0103 imeneyo musaitseke pakamwa

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake pulogalamu yolembedwa m'chilankhulo cha RPG yowerengera malipiro a alimi pa kompyuta ya IBM AS/400 ya ku ofesi kwanu yayamba kuima kumapeto kwa mwezi ndi uthenga wa RNQ0103, chonsecho yagwira ntchito zaka zambiri popanda munthu kuikhudza. Ndaona ena pamwambapa akuti muikemo MONITOR, lamulo logwira ma error, kuti izingodutsa. Chonde musatero, ndalama za eni zisowa inu osadziwa.

RNQ0103 ikutanthauza kuti nambala yomwe yatuluka powerengera yakula kuposa field yoisungira. Mu job log mukapezanso MCH1210, ndi nkhani imodzi yomweyo. Koma MCH1202 ndi matenda ena, a data yowonongeka, musasokoneze.

Ine ndikukayikira kwacha yathuyi. Field ya 9P 2 (manambala asanu ndi anayi, awiri omaliza ndi a matambala) imathera pa K9,999,999.99 basi, ndipo amene ankalemba pulogalamuyo kalelo ankaona ngati ndalama zimenezi palibe mlimi angazifike. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Fodya wa ku Chinkhoma amagulidwa m'madola, ndiye mukasintha kupita ku makwacha, kalabu imodzi ya alimi ikhoza kudutsa K10 miliyoni mosavuta. Pulogalamu sinasinthe, zakula ndi ndalama.

Ikaimanso, lowani mu WRKACTJOB, lamulo loonetsa ma job omwe akuyenda, muona job ili pa MSGW, kutanthauza kuti ikudikira yankho. Yankhani D kuti itulutse dump, mukaipeza mu spool ndi dzina loti QPPGMDMP. Mmenemo muli nambala ya mzere womwe yagwera komanso zimene zinali mu field iliyonse nthawi imeneyo. Chenjerani apa: ngati anaikompaila popanda OPTION(*SRCSTMT), nambalayo ikugwirizana ndi compile listing, osati source yanu, ndipo mutha tsiku lonse mukuyang'ana mzere wosalakwa. Mukafuna kuitsata pang'onopang'ono, kompailani ndi DBGVIEW(*SOURCE), ndipo popeza ndi ya batch, yambani ndi STRSRVJOB musanapange STRDBG. Kukula kwa ma field a mu fayilo muona ndi DSPFFD.

Chimene chimandisowetsa tulo ine si EVAL, lamulo lowerengera lomwe limakuwa ndi RNQ0103 nambala ikasefukira, ayi, koma ADD, MULT ndi Z-ADD za mu RPG yakale. Zimenezi nambala ikasefukira zimangodula manambala akumanzere mwakachetechete. K12,450,000.00 ikalowa mu 9P 2 imasanduka K2,450,000.00, lipoti n'kutuluka looneka bwinobwino. Zinandionekera pa kampani ina yogula soya ndi mtedza ku Mchinji. Tinakhala mlungu wathunthu tikukayikira kalaliki wosalakwa, mpaka mayi wina wa ku akaunti anaona kuti ndalama zoperewerazo zinali K10 miliyoni ndendende, popanda ngakhale tambala yapamwamba. Wakuba saba mwaudongo choncho. Mpaka lero zimandiwawa kuti mnyamata uja tinamuchititsa manyazi pachabe.

Ndiye mukamakonza, musathere pa mzere umodzi wagwawo. Koperani mapulogalamu onse okhudza ndalama mu library yoyeserera, muwakompaile ndi TRUNCNBR(*NO) kuti aziima m'malo modula manambala, muyendetse data ya mwezi wathawu, muone angati ayambe kukuwa. Ngati muli ndi a COBOL, onani ngati COMPUTE ndi ADD zili ndi ON SIZE ERROR, yomwe imagwira nambala ikasefukira.

Field ikuzeni ifike 15P 2, koma yambani mwasunga zonse ndi SAVLIB. Mukasintha fayilo ndi CHGPF, pulogalamu iliyonse yoigwiritsa ntchito ikompailidwenso, apo ayi mmawa mwake mulandiridwa ndi CPF4131, uthenga woti fayilo sikugwirizananso ndi pulogalamu. Musaiwale ma printer file ndi ma display file, chifukwa nawonso malo ake ndi opapatiza. Ma field ogwirira ntchito mkati mwa pulogalamu alembeni ndi LIKE kuti azikula limodzi ndi a mu fayilo.

Tumizani pano mzere wagwawo pamodzi ndi ma D-spec ake (mizere yofotokoza ma field), mutabisa mayina a alimi, tiuone limodzi madzulo ano.