Za ntchito ya u-paralegal kwa maloya a bankruptcy

Achemwali, mwati akuitanani ku ofesi ya maloya a bankruptcy (nkhani za kukhothi za olephera kubweza ngongole) ku Indianapolis, ku America, kuti mukakhale paralegal, wothandiza loya pa mapepala a milandu, ndipo mukufunsa mmene anthu amakhalira kumeneko komanso ngati munthu amakwera pa ntchito. Amene akuyankhani kuti "kwa maloya kuli ndalama, thamangani" akuganiza za zimphona ngati Kirkland & Ellis, kapena Weil Gotshal yomwe inayendetsa nkhani ya kugwa kwa banki ya Lehman Brothers mu 2008. Uko ndi kwa Chapter 11, gawo la lamulo la bankruptcy lokonzanso ngongole za makampani, kwa makampani a mabiliyoni. Ngati ofesi yakuitananiyo ili ndi maloya atatu kapena asanu, nthawi zambiri ntchito yake ndi Chapter 7 (yofafaniza ngongole, katundu wina n'kugulitsidwa) ndi Chapter 13 (yobweza ngongole pang'onopang'ono), ya munthu wamba amene madzi afika m'khosi ndi makhadi a ngongole, mabilu a kuchipatala ndi galimoto yosamaliza kulipira.

Ine ndinagwirapo ku ofesi ina yotere, ija ya zikwangwani m'misewu ndi kudzitsatsa pa TV, ndipo sindingabwerereko ngakhale atandinyengerera. Loya ankaonana ndi kasitomala mphindi zochepa tsiku loyamba, n'kudzakumananso naye pa 341 meeting, pamene trustee, woikidwa kuyang'anira nkhaniyo, amafunsa munthuyo mafunso atalumbira. Zonse za pakatipo zinali zathu. Kutolera mapepala a malipiro a miyezi 6 kuti tiwerengere means test (yoona ngati ndalama zimene munthu amapeza zikumulola kulowa Chapter 7), masitetimenti a kubanki, mapepala a msonkho, kulemba katundu yense mpaka sofa ndi mphete, kukumbutsa munthu kuti satifiketi ya credit counseling, uphungu wa za ngongole, ikhale ya mkati mwa masiku 180 nkhani isanalowe kukhothi. Paralegal mmodzi ankasenza mafayilo mazana.

Gwero la vutoli ndi ndalama. Chapter 7 amalipiritsa mtengo umodzi, mwina $1,200 mpaka $2,000 ya loya, kuwonjezera $338 ya khothi. Nkhani ivute isavute, ndalama ndi yomweyo, ndiye bwana amapindula pokhapokha mafayilo akamachuluka antchito osachuluka. Tsono mapepala ofunika akapanda kufika kukhothi m'masiku 45, nkhani ya munthu imathetsedwa. Chitetezo cha automatic stay, chimene chimaletsa okongoza kutolera ngongole, chimathera pomwepo, okongoza amayambiranso kumudula malipiro kuntchito, galimoto n'kubwera kudzaikoka. Foni ya munthu akulira imafikira pa desiki yanu, loya ali kukhothi. Pa ofesi ija anthu sankatha chaka, ndipo amene wachoka mafayilo ake ankangowagawira otsala, osalemba wina.

Musanasaine afunseni mosapita m'mbali kuti paralegal mmodzi ali ndi mafayilo angati otsegula, ndipo amene wakhalitsa wakhala zaka zingati. Akayamba kukamba zoti "pano ndife banja limodzi" osatchula nambala, mwayankhidwa kale. Funsaninso ngati pali bonasi ya kuchuluka kwa anthu amene mwawasainitsa. Ikakhalapo, akukulembani ntchito yotsatsa malonda, dzina lokha ndi la paralegal. Malipiro a woyamba kumene m'dera lanulo amazungulira pa $18 mpaka $25 pa ola. Za ovataimu zilembedwe, chifukwa a paralegal ambiri lamulo limawapatsa kamodzi ndi theka akapyola maola 40 pa sabata, koma mabwana ena amakonda kukuikani pa salale kuti nkhaniyo ife.

Za kukwera musayembekezere zambiri mu ofesi yaing'ono. Mukhoza kukhala paralegal wamkulu kapena woyang'anira ofesi, n'kuthera pomwepo, poti u-partner, kukhala mmodzi wa eni ofesi, ndi wa maloya okha. Kuti mukhale loya ndi zaka zitatu za JD, digiri ya zamalamulo, pafupifupi zinayi mukamaphunzira uku mukugwira ntchito, kenako mayeso a bar opezera laisensi ya uloya. Phindu lenileni la ntchitoyi ndi kudziwa mafomu, ECF ndi PACER (njira za pa intaneti zoperekera ndi kuonera mapepala a khothi) mpaka kuzilota, kenako n'kuchoka nazo. Ine ndimauza aliyense kuti aike diso pa ofesi ya trustee wa Chapter 13. Kumeneko amalandira ndalama zimene anthu amalipira mwezi ndi mwezi pa pulani ya zaka 3 mpaka 5, n'kumagawira okongoza. Nthawi yoweruka ikakwana mwaweruka, palibe wokukakamizani kusaka makasitomala, ndipo amakonda munthu amene anakonzapo mafayilo a okongola chifukwa amadziwa pamene zolakwika zimabisala. Kulinso makampani ngati Epiq, Kroll ndi Stretto amene amasunga kaundula wa okongoza pa nkhani zikuluzikulu za Chapter 11. Maofesi oimira mabanki amalipirako bwino pang'ono, koma ntchito yake ndi kupempha khothi chilolezo cholanda nyumba ndi magalimoto. Mudzifunse ngati mtima wanu ungapirire zimenezo.

China, poti muno tikudziwana. Mukangoyamba, abale athu a ku Malawi ayamba kukutchani loya ndi kukuimbirani usiku. Musamuuze munthu Chapter yoti asankhe, ngakhale ali wa kutchalitchi kwanu, chifukwa kupereka uphungu wa zamalamulo wopanda laisensi ndi mlandu, ndipo ntchito ingathere pomwepo. Mutumizeni kwa loya, ndipo akanene zonse. Mafomu amafunsa mphatso zopyola $600 kwa munthu mmodzi m'zaka ziwiri zapitazo, ndiye ndalama zija timatumiza kumudzi zimalowa pamenepo. Ngongole imene wabweza kwa m'bale wake m'chaka chimodzi chapitacho trustee akhoza kuilondola kuti ibwerere. Puloti ya ku Area 49 kapena nyumba yosamaliza ku Mzuzu nazo zimalembedwa, ngakhale zili kutali, ndipo kubisa dala katundu pa bankruptcy ndi mlandu wa federal wofika zaka 5 kundende.